Safunsa Anadya Phula

Walira mvula walira matope. Kwa zaka zambiri tinkadandaula kuti ana athu akutsalira pa nkhani ya intaneti, ndipo lero yafika ngakhale m'midzi momwe magetsi sanafike. Mwana wa Fomu 2 akapatsidwa ntchito yokalembera kunyumba, amabwereka foni ya mlongo wake, n'kulemba funso, yankho n'kutulukira nthawi yomweyo. Ine ndikuyamika zimenezi, pakuti ndikudziwa sukulu zomwe buku limodzi amaligwirizira ana khumi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti tampatsa mwanayo njira yopezera mayankho, koma sitinamuphunzitse kufunsa kuti amene akumuyankhayo ndani, akudziwa bwanji, ndipo akufunanji kwa iye. Ntchito imeneyi ndi ya inu aphunzitsi ndi ife makolo, ndipo tachedwa nayo kale.

Ife Amalawi sitifunika kuchita kuuzidwa ndi alendo kuti mphekesera imapha. M'chaka cha 2017 nkhani ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka mumzinda wa Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi anzawo pongowaganizira, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Palibe anagwidwapo ndi magazi a munthu m'chigubu. Mphekesera imeneyo sinabadwire pa foni, chifukwa inavutanso m'chaka cha 2002 mafoni a intaneti asanafale. Koma bodza lomwe kale linkayenda wapansi kuchoka pachitsime kupita kumsika, lero limafika ku Karonga ndi ku Nsanje ola limodzi lisanathe, litavala chithunzi ndi mawu a munthu wolankhula molimba mtima.

Kumbukiraninso za katemera wa Covid-19. Mu May 2021, pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, boma linatentha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 yemwe masiku ake anali atatha. N'zoona kuti katemerayo anafika m'dziko muno atatsala ndi masabata ochepa kuti awonongeke, koma n'zoonanso kuti anthu ambiri ankazemba kubayitsa chifukwa cha mauthenga omwe ankayenda m'mafoni, akuti wobayitsa sadzabereka, akuti ndi chizindikiro cha chilombo. Pamene kolera inabuka mu March 2022 n'kutenga miyoyo yoposa 1,700, tinamvanso zoti azaumoyo ndi amene akufalitsa matendawo, ndipo m'malo ena anthu anaukira zipatala zomwe zinkawapulumutsa. Ambiri mwa amene ankatumizirana mauthenga amenewa anali anthu achikondi, ofuna kuchenjeza abale awo. Wakutsina khutu ndi mnansi, inde, koma mnansi naye akhoza kukhala kuti ananamizidwa.

Akatswiri atatu a pa sukulu ya MIT ku America anafufuza nkhani pafupifupi 126,000 zomwe zinafalitsidwa pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017, ndipo zotsatira zake anazisindikiza mu 2018 m'magazini ya Science. Anapeza kuti nkhani yoona inkatenga nthawi yotalika kasanu n'kamodzi poyerekeza ndi yabodza kuti ifikire anthu 1,500. Anapezanso kuti ofalitsa kwambiri mabodzawo anali anthu enieni, osati makina. Chifukwa chake n'chodziwikiratu kwa aliyense amene anakhalapo pamaliro kapena pamsika: nkhani yodabwitsa, yoopsa kapena yokwiyitsa ndi imene munthu amalephera kuisunga mumtima.

Makolo ambiri timadzinamiza kuti popeza ana athu amadziwa kutokosa foni kuposa ife, ndiye kuti amadziwanso kusiyanitsa zoona ndi zabodza. Zala zofulumira si nzeru. Ku Stanford University, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Sam Wineburg linayesa ana a sukulu za ku America, ana omwe anabadwa makompyuta ali m'nyumba. M'lipoti lawo la 2016, ana oposa 80 mwa 100 aliwonse a msinkhu wa kumapeto kwa pulaimale anatenga uthenga wotsatsa malonda ngati nkhani yeniyeni ya atolankhani, ngakhale kuti pamwamba pake panalembedwa kuti ndi wolipiridwa. Mu 2019 anayesanso ophunzira a sekondale 3,446. Anawaonetsa kanema wa anthu akuthira mavoti achinyengo m'mabokosi, wolembedwa kuti zachitika ku America. Opitirira theka anakhulupirira kuti ndi umboni wamphamvu, chonsecho kanemayo anajambulidwa ku Russia. Pa ana onsewo, atatu okha ndi amene anafufuza mpaka kupeza kumene kanemayo anachokera. Ngati zili choncho kwa eni intaneti, nanga mwana wa ku Ntchisi yemwe waigwira foni chaka chatha chomwechi?

Tsono tiwaphunzitse chiyani? Apa m'pofunika kudekha, chifukwa malangizo ena omwe amaoneka anzeru ndi amene amasocheretsa. Kwa zaka zambiri ophunzira ankauzidwa kuti aziliyang'anitsitsa tsamba la pa intaneti: kodi lalembedwa m'Chingerezi chabwino, kodi lili ndi chidindo, kodi latchula dzina la wolemba ndi digiri yake, kodi dzina lake likuthera ndi .org. Zonsezi munthu wachinyengo angazikonze tsiku limodzi ndi ndalama zochepa. Dzina lothera ndi .org aliyense akhoza kugula. Chidindo cha boma, chokhala ndi mkango ndi kambuku, mnyamata aliyense wodziwa kompyuta akhoza kuchikopera n'kuchimata pa kalata yabodza yoitanira anthu ku ntchito. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Gulu lomwe lija la ku Stanford linachita kafukufuku wina mu 2017 yemwe ndikufuna mphunzitsi aliyense amudziwe. Anatenga akatswiri a mbiri yakale 10 okhala ndi madigiri apamwamba, ophunzira a pa yunivesiteyo 25, ndi anthu 10 omwe ntchito yawo ndi kutsimikiza nkhani m'makampani ofalitsa nkhani. Anawapatsa masamba a mabungwe awiri a madokotala a ana, a mayina ofanana kwambiri. Limodzi ndi American Academy of Pediatrics, bungwe lakale la madokotala oposa 60,000. Linalo ndi American College of Pediatricians, kagulu kochepa komwe kanapatuka mu 2002 chifukwa chosiyana maganizo ndi anzawo. Ophunzira ambiri anasankha kagulu kochepako kuti ndi kodalirika, chifukwa tsamba lake linkaoneka laudongo. Mwa akatswiri a mbiri yakale, theka lokha ndi lomwe linalasa. Otsimikiza nkhani aja analasa onse, ndipo anatero mofulumira kuposa anzawo.

Chinsinsi chawo chinali chakuti sankakhalitsa pa tsambalo. Akangoona dzina la bungwe, ankachokapo n'kukafufuza zomwe ena akunena za bungwelo, kenako n'kubwerera akudziwa kale amene akulankhula nawo. Akatswiri a mbiri aja ankawerenga tsamba lomwelo kuchokera pamwamba mpaka pansi, mosamala kwambiri, n'kumakopeka ndi zomwe mwini tsamba wasankha kuwauza.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwathu kuno. Mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, amavala bwino, amakhala pansi mwaulemu, amayankha mokoma. Mwini mbumba wanzeru sagamula nkhani poona jekete. Samufunsanso mnyamatayo kuti, “Kodi ndiwe wakhalidwe?” pakuti yankho lake n'lodziwika kale. Amatuma munthu kumudzi kwa mnyamatayo kuti akamve kwa anansi: ndi mwana wa yani, amagwira ntchito yanji, anasiyako mkazi kapena ayi, akamwa amatani. Akamva kwa anthu angapo osapangana, m'pamene amawauza ankhoswe kuti nkhani ipitirire. Mwana wathu aphunzire kuchita chimodzimodzi ndi tsamba lililonse lomwe sakulidziwa. Asalifunse tsambalo kuti ndi lodalirika kapena ayi. Alembe dzina lake pa Google, aone kuti nyuzipepala zodziwika, mayunivesite kapena mabungwe ena akuti chiyani za eni ake. Ngati palibe amene akuwadziwa, limenelonso ndi yankho.

M'kalasi zimenezi siziphunzitsika ndi manotsi olemba pabolodi kuti ana aloweze. Zimafuna kuchita. Mphunzitsi wa Geography afunse kuti Malawi ali ndi anthu angati. Ana abweretsa manambala osiyanasiyana, ndipo phunziro lagona pamenepo. Nambala iliyonse aifunse kwawo. Kalembera wa 2018, yemwe anachititsa a National Statistical Office ku Zomba, anapeza anthu 17,563,749. Manambala okulirapo omwe ana apeze pa masamba ena ndi ongoyerekeza, owerengedwa kuchokera pa kalembera yemweyo poona mmene anthu akuchulukira. Sikuti ndi abodza, koma mwana adziwe kusiyana kwa chowerengedwa khomo ndi khomo ndi choyerekeza, ndipo polemba azitchula chaka. Mphunzitsi wa History afunse tsiku lomwe John Chilembwe anayambitsa nkhondo yake. Ena adzati 15 January chifukwa ndi tsiku la tchuthi chomukumbukira, pamene kuukirako kunayamba usiku wa pa 23 January 1915. Mwana amene wadzipezera yekha kusiyana kumeneku, n'kufufuza kuti olemba mbiri akuti chiyani, waphunzira chinthu chomwe sadzaiwala.

Koma tinene zoona, zambiri zomwe ana athu amawerenga sizichokera pa masamba okhala ndi mayina. Zimabwera pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa TikTok, zopanda mwini. Pa WhatsApp pali kachizindikiro komwe ambiri sakalabadira. Kuyambira 2018, uthenga womwe munthu wangoupatsira osaulemba yekha umakhala ndi mawu akuti “Forwarded” pamwamba pake, ndipo kuyambira 2019 womwe wadutsa m'manja ambiri umakhala ndi timivi tiwiri. Mu 2019 kampaniyo inachepetsa malo omwe munthu angatumizeko uthenga wotere nthawi imodzi kufika pa asanu, ndipo mu April 2020 inati wa timivi tiwiri uzipita kumalo amodzi okha. Eni WhatsApp anayamba kuchita zimenezi ataona kuti mphekesera zikuphetsa anthu, makamaka ku India. Mwana adziwe kuti akaona timivi tiwiri, amene wamutumizirayo si mwini nkhani, ndipo mwina sadziwa n'komwe kumene yachokera.

Oopsa kwambiri ndi mauthenga a mawu ojambulidwa. Munthu amayamba ndi kuti, “Abale anga, ine ndine namwino pa chipatala china chachikulu, dzina sinditchula poopa ntchito.” Mawu a munthu amalowa mumtima kuposa zilembo, makamaka akamalankhula chilankhulo chathu, mwinanso akulira. Funso loyamba kwa ana likhale ili: chipatala chiti, liti, ndipo ndani wina amene waona zimenezi? Nkhani yaikulu yoona siikhala ndi mboni imodzi yobisala. Ngati mlatho wakokoloka, ngati nduna yamwalira, ngati mayeso aimitsidwa, wailesi za MBC, Zodiak ndi Times zinena tsiku lomwelo, ndipo The Nation ndi The Daily Times zilemba m'mawa mwake. Kudikira nkhani za madzulo sikunaphepo munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zithunzi nazo zili ndi msampha wake. Nthawi zambiri chithunzicho chimakhala chenicheni, bodza lili pa mawu omwe achiphatikiza nawo. Chigumula cha dziko lina kapena cha chaka china amachilemba kuti ndi cha ku Chikwawa dzulo. Pali njira yosavuta yomwe mwana wa sekondale angaiphunzire m'phunziro limodzi: kuika chithunzicho pa Google Lens kapena pa TinEye, n'kuona kumene chinayamba kuonekera ndi chaka chake. Ngakhale popanda zimenezo maso amathandiza. Ayang'ane nambala za galimoto, mbali ya msewu yomwe zikuyenda, chilankhulo cha pa zikwangwani, yunifolomu ya apolisi. Mabungwe otsimikiza nkhani monga Africa Check, lomwe linayamba ku Johannesburg mu 2012, amafotokoza mwatsatanetsatane mmene agwirira bodza lililonse, ndipo mphunzitsi angatengeko zitsanzo zokonzeka kale.

Ndikudziwa chomwe mphunzitsi wa sukulu yoyendera ya kumudzi anene: “Bambo, ife tilibe makompyuta, magetsi kulibe, ndipo ana saloledwa kubwera ndi foni.” N'zoona, ndipo pali vuto lina lomwe olemba malangizo a kunja salidziwa. Ambiri mwa ife timagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha chifukwa ndi yotsika mtengo. Munthu wotere amalandira mutu wa nkhani ndi chithunzi, koma akadina kuti awerenge nkhani yonse, tsamba silitseguka. Bodza limamufikira pa mtengo wotsika, pamene kulifufuza kumafuna ndalama zina. Amene amayang'anira za mafoni ndi mitengo yake m'dziko muno aiganizire nkhani imeneyi. Komabe mphunzitsi asagwe ulesi. Foni yake imodzi ikukwana. Alembe pabolodi uthenga womwe wazungulira m'mudzimo sabata imeneyo, monga wa ntchito za ku Israel, wa mankhwala ochiza shuga, kapena uja wakuti “ndalama ija tumizani pa nambala iyi.” Ana akhale m'magulu, atchule mafunso omwe angafunse ndi kumene angakapeze yankho. Kenako afufuze limodzi pa foni ya aphunzitsiyo, kapena atume awiri kukafunsa kwa alangizi a zaumoyo kapena a zaulimi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ana amagwira msanga bodza akamatsutsana okhaokha kusiyana ndi pamene akungomvera.

Za Wikipedia, aphunzitsi ena amangoletsa. Ine ndikuti aloleni ana ayambirepo, koma asathere pomwepo. Aliyense akhoza kulembapo, n'chifukwa chake nkhani zina, makamaka za kwathu kuno zomwe ali nazo chidwi ndi ochepa, zimakhala zoperewera kapena zolakwika. Ubwino wake ndi wakuti pansi pa nkhani amandandalika kumene mfundo iliyonse yachokera. Mwana aphunzire kutsikira pansipo n'kutsata gwero. Mfundo yopanda gwero aisiye.

Tsopano kwabweranso makina oyankha mafunso ngati munthu, monga ChatGPT yomwe inatuluka mu November 2022. Makinawa amalumikiza mawu motsatira zomwe anawadyetsa, ndipo pamene alibe yankho amatha kupeka, mopanda manyazi, m'chiganizo chosalala bwino. Mu 2023 woweruza wina ku New York analipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 chifukwa anapereka kukhoti milandu yakale yomwe makinawa anangoipeka, yokhala ndi mayina ndi manambala ooneka enieni. Ngati anagwa m'mbuna ndi maloya, mwana wa Fomu 4 asadzione wochenjera. Lamulo likhale lakuti dzina, chaka, nambala kapena buku lililonse lomwe makinawa atchula, mwana alipeze kwina asanalilembe. Pa nkhani za Malawi ndi za m'Chichewa m'pofunika kusamala koposa, chifukwa zolembedwa za ife zomwe makinawa anaphunzirapo n'zochepa.

Pali ngozi ina yomwe ndiyenera kuchenjeza, chifukwa ndaiona ikukula pakati pa achinyamata ophunzira. Mwana ukamuuza tsiku ndi tsiku kuti asakhulupirire, amafika ponena kuti onse ndi abodza: boma, wailesi, madokotala, aphunzitsi. Munthu wotere sanachenjere, pakuti potsiriza amangokhulupirira chomwe mtima wake ukufuna. Cholinga chathu n'chakuti mwana adziwe woyenera kumukhulupirira pa nkhani iti, ndiponso chifukwa chake. Za nyengo afunse a nthambi yoona za nyengo, za mtengo wa kwacha a Reserve Bank, za mayeso a MANEB, za mankhwala achipatala. Nawonso amalakwitsa nthawi zina, ndipo pa nkhani zowakhudza eni ake mawu awo ayesedwe ndi a ena. Kusiyana kwake n'kwakuti ali ndi dzina, ali ndi ofesi, ndipo akanama tikhoza kuwaloza chala. Nyuzipepala ikalakwitsa imatha kusumiridwa kapena kukakamizidwa kupepesa. Wojambula mawu wosatchula dzina uja palibe angamupeze.

Kwa inu makolo anzanga, nkhani iyi ikutikhudza pena powawa. Mabodza ambiri amalowa m'nyumba kudzera pa gulu la WhatsApp la banja, ndipo otumiza ndife akuluakulu. Mwana yemwe waphunzira bwino kusukulu adzafunsa kuti, “Amalume, nkhani imeneyi mwaitenga kuti?” Tisamuyese wamwano. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo sitiyenera kukhala ife oukoleza. Inunso ana, funsani mwaulemu. Musawachititse manyazi amalume anu pagulu. Alembereni paokha, muwaonetse chomwe mwapeza, muwasiye akonze okha. Mkulu akadzudzulidwa pamaso pa adzukulu amaumirira bodza lomwelo pofuna kuteteza ulemu wake, ndipo inu mumakhala mwapambana mtsutso koma nkhani yabodzayo ikuyendabe. Dziwaninso kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilipo, ndipo anthu anamangidwapo chifukwa cha zomwe analemba kapena kutumiza pa foni. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Nyengo ya mayeso ndi pamene ana athu amayesedwa koposa. Mu November 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa mapepala ake atatuluka nthawi isanakwane n'kumazungulira m'mafoni, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa, analembanso mu January 2021. Chifukwa chakuti zinachitikapo, akamberembere amapezerapo mwayi wogulitsa mapepala abodza, akuti awa ndiye enieni, tumizani ndalama msanga. Mwana amataya ndalama ya makolo ndi masiku owerenga poloweza mayankho a mafunso omwe sadzabwera, ndipo akanakhala enieni akanapalamula mlandu. Mwana yemwe anazolowera kufunsa kuti wotumizayu ndani ndipo apindulanji sagwidwa ndi msampha wotere.

M'mera m'poyamba. Tisadikire kuti mwana akafike ku yunivesite kuti akamve koyamba za kutchula gwero la zomwe walemba, popeza ambiri sadzafikako, koma foni adzakhala nayo moyo wawo wonse. A Malawi Institute of Education ku Domasi, omwe amakonza silabasi, ndi makoleji osula aphunzitsi monga Domasi ndi Nalikule, aliike luso limeneli m'maphunziro omwe alipo kale, m'Chichewa, mu History, mu Biology, m'malo molisungira Computer Studies yomwe sukulu zambiri siziphunzitsa. Pamene tikudikira zimenezo, mphunzitsi wamkulu aliyense angathe kuyamba teremu ino. Apemphe aphunzitsi ake kuti ntchito iliyonse yomwe mwana wafufuza pa foni izikhala ndi mizere itatu pansi pake: wanena zimenezi ndani, ananena liti, ndipo ndani wina amene wavomereza. Mizere imeneyi izikhala ndi malikisi ake.